Moto, makala ndi madzi: mafunso ndi mayankho pa za tchire la miombo

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera tikamacheza ndi alimi, ana asukulu, makomiti a zachilengedwe a m'midzi ndiponso anthu a m'tauni muno mu Mzuzu. Ena anabwera pa WhatsApp, ena anafunsidwa m'Chitumbuka pansi pa mtengo ku Choma ndi ku Lusangazi ife n'kuwalemba m'Chichewa. Onse akuzungulira pa nkhani imodzi: tikadula, kutentha, kulima kapena kumanga pa tchire, chimachitika n'chiyani ndi kaboni ndi madzi amene tchirelo limasunga?

Kodi savana n'chiyani? Kuno kwathu iliko?

Iliko, kungoti ife sitiitchula choncho. Timati tchire kapena thengo. Savana ndi dzina la m'mabuku la malo amene mitengo ndi udzu zimakhalira limodzi, mitengo yake yosatsekeratu kumwamba moti dzuwa limafika pansi udzu n'kukula, ndipo chaka chake chimakhala ndi dzinja la mvula kenako miyezi yambiri youma. Tchire lotere lofala kwathu ndi la miombo: mombo, tsamba, mchenga, pakatipakati msuku, muula, mlombwa ndi muwanga. Layala kuchokera ku Angola kudutsa kumwera kwa Congo, Zambia, Tanzania, Malawi, Zimbabwe mpaka Mozambique, malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 2.7 miliyoni.

Mzuzu ali pamphambano. Mukatsika msewu wa ku Nkhata Bay mvula imachuluka, mitengo imatalika, m'makwawa muli nkhalango yobiriwira chaka chonse. Mukalowera ku Ekwendeni, Rumphi kapena Mzimba tchire limauma ndipo udzu umachuluka. Mukakwera ku Viphya ndi ku Nyika mumapeza zitunda za udzu wokhawokha. Anthu ambiri akaona mitengo yapatalipatali amati nkhalango inalephera kukula. Ayi ndithu. Tchire limeneli linazolowera moto, chilala ndi nyama kuyambira makedzana, ndipo chuma chake chambiri linachibisa pansi.

Kaboniyo ndi chiyani, nanga m'tchire amakhala pati?

Tolani khala limodzi m'mbaula. Chakudacho ndiye kaboni. Mtengo umamutenga mumpweya wa carbon dioxide kudzera m'masamba, mothandizidwa ndi dzuwa, n'kumangira thunthu, nthambi ndi mizu. Mtengo ukauma, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi kaboni. Ukapsa kapena kuwola kaboniyo amabwerera kumwamba, ndipo kilogalamu imodzi ya kaboni imabala makilogalamu 3.67 a carbon dioxide chifukwa imaphatikana ndi okosijeni. Mpweya umenewu ndi umene ukutenthetsa dziko. Mafakitale asanayambe unali magawo pafupifupi 280 pa magawo miliyoni alionse a mpweya wa mumlengalenga. Lero wadutsa 420.

M'tchire la miombo nkhokwe za kaboni zilipo zitatu. Yoonekera ndi mitengo. Yachiwiri ndi mizu ndi zitsa, ndipo aliyense amene anazulapo chitsa cha mombo akudziwa kuti pansi pali mtengo winanso: mumakumba tsiku lonse, khasu n'kuguluka kawiri, muzu ukupitabe. Yachitatu ndi nthaka yeniyeniyo, dothi lakuda lapamwamba lochokera ku masamba ndi mizu ya udzu yakufa, lophikidwa ndi chiswe, nyongolotsi ndi bowa. M'malo ambiri a miombo kaboni wa m'nthaka amaposa wa m'mitengo imene mukuiona.

Mvula ikagwa m'tchire madzi amapita kuti?

Ena amatsalira pamasamba n'kuuma pomwepo. Ena amathamanga pamwamba kulowera kumtsinje. Ena amalowa pansi, ndipo mwa olowawo ena amakokedwa ndi mizu n'kutuluka m'masamba ngati nthunzi, pomwe ena amatsikira kunsi kukadzaza zitsime, mijigo, akasupe ndi madambo. Mtsinje wa Lunyangwa ukamayenda mu Okutobala, mvula itasiya kalekale, madzi amenewo ndi aja analowa pansi mu Malichi ndi Epulo. Choncho funso lenileni pa malo alionse n'lakuti madzi akulowa kapena akuthawa.

Mutha kudziyesera nokha. Dulani chitini mbali zonse ziwiri, chikhomereni pang'ono m'dothi, thiranimo botolo la madzi, muwerenge nthawi. Tinachita zimenezi ndi ana a sitandade 7 pasukulu ina cha ku Dunduzu. Pansi pa misuku, pamene panali masamba owolerana, madzi anamira anawo asanamalize kukangana kuti agwire wotchi ndani. Panjira ya ng'ombe belu linachita kulira madzi ali chikhalire m'chitini.

Kaboni ndi madzi zimayendera khomo limodzi. Tsamba likatsegula timabowo take kuti litenge carbon dioxide, madzi amatulukira pomwepo. Mtengo sungakule osamwa. Onani miombo mu Sepitembala, kukutentha, udzu uli gwaa, iyo ikutulutsa masamba ofiira atsopano mvula isanagwe ngakhale dontho. Imatero chifukwa mizu yake ikufika pa chinyezi chakuya chimene udzu sungachifike.

Thumba limodzi la makala limadya mitengo yochuluka bwanji?

Tiwerengere limodzi. Uvuni wa dothi, uja wounjika zipika n'kufotsera ndi udzu ndi zibuma, umataya kwambiri. Kuti mupeze kilogalamu imodzi ya makala pamafunika makilogalamu 5 mpaka 10 a nkhuni, kutengera luso la wootcha ndi kaumidwe ka mitengoyo. Ndiye thumba la makilogalamu 30 ladya nkhuni zosachepera makilogalamu 150, mwina mpaka 300. Titenge 200. Theka lake, 100, ndi kaboni, ndipo yense akapita kumwamba ndi makilogalamu pafupifupi 370 a carbon dioxide. Gawo lalikulu limakhala litatuluka kale kuuvuni, mphika wa nyemba usanakhale n'komwe pambaula ku Chibavi. Utsi wa uvuni ulinso ndi methane, mpweya wotenthetsa dziko koposa carbon dioxide.

Wootcha satenga mtengo uliwonse. Amafuna wolemera, wa makala okhalitsa, omwe wogula akagogoda amalira ngati chitsulo: mombo, tsamba, mchenga, muwanga. Imayamba kutha ndi ikuluikulu, yomwe inali ndi kaboni wambiri ndi mizu yakuya.

Komabe tisanamizane. Mukaima pamsewu wochokera ku Choma m'bandakucha n'kuona njinga zikutsetsereka, matumba atatuatatu omangidwa ndi malegeni, mnyamata thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira, dziwani kuti akubweretsera ife. Lamulo la za nkhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020, limafuna kuti wootcha makala akhale ndi chiphaso ndipo linakhwimitsa zilango, koma magetsi akazima kapena gasi akadula, amene amalalikira za chilengedwe masana ndi omwewo amaitana njinga pageti madzulo. Wolemba uno sakudzichotsamo.

Tchire likadulidwa limabwereranso?

Limabwerera, bola zitsa zikhalepo. Miombo siidalira kwenikweni njere. Imaphukira pachitsa ndi pamizu. Mphukira imapeza mizu yakale ili kale pamadzi ndiponso ili ndi chakudya chosungidwa, n'chifukwa chake imaisiya kutali mbande ya m'chubu.

Ku Nhambita, pafupi ndi Gorongosa ku Mozambique, ofufuza anayeza masala a zaka zosiyanasiyana n'kupeza kuti pakatha zaka 20 mpaka 30 kaboni wa m'mitengo amakhala atabwerera pafupi ndi mmene alili m'tchire losadulidwa. Koma mitundu yeniyeni ya miombo inali isanabwerere, ndipo nthaka sinaonetse kuti ikuchira pa liwiro lomwelo. Kunena kwina, kubiriwira kumabwera msanga, koma tchire lenileni limachedwa.

Zimene zimapha mphukira n'zodziwika: kuzula zitsa, moto wa mu Okutobala chaka ndi chaka, mbuzi, ndi kubwereranso ndi chikwanje mphukira zisanakhwime. Zitsa zikafa pamapitanso zina zimene sitiziwerengera. Bowa wambiri amene amayi amagulitsa m'mbali mwa msewu wa M1 m'dzinja amakhalira pa mizu yamoyo ya miombo ndi misuku. Simungamulime m'munda wa chimanga.

Chowononga kwambiri n'chiti, makala kapena kulima?

Pa nkhani ya nthaka ndi madzi, kuswa mphanje n'kumene kumasintha malo kotheratu, chifukwa mlimi amazula zitsa ndipo malowo sabwereranso kutchire. Kawirikawiri ziwirizi zimatsatana: wamakala amatsegula, wakhasu amamaliza.

Kafukufuku amene anachitika m'dera la nkhalango ya Chimaliro, kumalire a Kasungu ndi Mzimba, anapeza kuti nthaka ya m'minda inali ndi kaboni wochepa ndi magawo pafupifupi 40 pa 100 alionse poyerekeza ndi ya m'tchire la miombo. Zifukwa zake si zachilendo. Tikatembenuza dothi chaka ndi chaka, zowolerana zimatha msanga. Mapesi timawaunjika n'kuwatentha, ndiye palibe chobwezera. Mvula yoyamba imapeza nthaka ili yambulanda, madontho n'kuiphwanya, pamwamba n'kuchita chikhungwa, madzi n'kuyamba kuthamanga atanyamula dothi labwino lomwelo. Khasu nalo likamagunda pamlingo umodzimodzi zaka zambiri, pansi pa mizere pamalimba ngati njerwa, mizu ya chimanga n'kumakhota m'malo motsika.

Fodya amaonjezera. Wa kampopi ndi wa chikopa amafuna nkhuni zochizira, wa bale amafuna mitengo ya zigafa, ndipo zonsezi zimachokera m'tchire lomwelo.

Sitikunena kuti munthu asalime. Mimba siidziwa kaboni. Makolo athu ankaswa mphanje n'kulisiya tsala zaka zambiri lipume, monga amachitira a chitemene ku Zambia, ndipo zinkatheka pamene anthu anali ochepa. Lero tsala lilibe mpata wopuma, ndiye ntchito imene inkagwiridwa ndi tchire iyenera kugwiridwa m'munda momwemo: mapesi agone pansi, mizere ipingase chitunda motsata akalozera, vetiva akhale m'malire, manyowa alowe, nandolo asasowe. Kumene msangu umamera bwino, monga ku Bolero, usiyeni m'munda. Umayoyola masamba m'dzinja, motero sulimbirana dzuwa ndi chimanga.

Kodi moto wa m'tchire si ndiye mdani wamkulu? Bwanji osangouletseratu?

Apa m'pamene timasiyana maganizo ndi anthu ambiri, ngakhale anzathu a ntchito imodzi. Moto wokha si mdani. Nkhani ndi mwezi umene wayaka, ndiponso kangati.

Malo ambiri amene amapsa padziko lonse chaka chilichonse, pafupifupi magawo 70 pa 100, ali mu Africa muno, ndipo ambiri mwa iwo ndi tchire ngati lathuli. Chimene chimapsa kwenikweni ndi udzu ndi masamba ouma. Kaboni wa udzu umenewo amapita kumwamba inde, koma dzinja likafika udzu watsopano umamutenganso. Ndi ngongole yobwezedwa chaka chomwecho. Vuto limabwera moto ukapha mitengo, chifukwa ngongole ya mtengo imatenga zaka makumi kubweza.

Ku Ndola, ku Zambia, kuyambira 1933 akatswiri a nkhalango anagawa tchire la miombo m'zigawo. Zina ankazitentha koyambirira kwa chilimwe chaka chilichonse, zina kumapeto kwa chilimwe, zina sankazitentha n'komwe. Patapita zaka zoposa 20, kumene ankatentha mochedwa mitengo ya miombo inali itatha pamwamba, patatsala udzu wautali, mitengo yochepa yopirira moto ndi zitsa zophukira n'kupsanso. Kumene ankatentha msanga tchire linali chilili, losasiyana kwenikweni ndi losatenthedwa.

Chifukwa chake aliyense wa kumudzi akuchidziwa. Moto wa mu Juni kapena Julayi, udzu usanaumiretu, makamaka woyatsidwa madzulo mame akuyandikira, umayenda mokwawa, umasiya zigamba zosapsa, ukafika padambo umazima wokha. Moto wa mu Okutobala umapeza tsekera wouma wotalika kuposa munthu, mphepo ili kumbuyo kwake, ndipo umapeza miombo itangotulutsa kumene masamba aja ofiira ndi chakudya chimene inasunga. Umawaula masambawo, kupha mphukira, n'kusiya lupsa lakuda bii masabata ochepa mvula isanagwe. Mvula yoyamba imagwera padothi losafunda kanthu. Phulusa ndi dothi zonse zimathera kumtsinje.

Kuletseratu moto kumamveka bwino pamsonkhano koma sikutheka. Udzu umangounjikana zaka ziwiri kapena zitatu, tsiku limodzi wina n'kuponya chitsa cha ndudu, moto wake n'kukhala woopsa kuposa onse amene munaletsa aja. N'chifukwa chake oyang'anira nyama ku Nyika amatentha dala zigawo koyambirira kwa chilimwe. Kumpoto kwa Australia, ku West Arnhem Land, eni nthaka anabwezeretsa katenthedwe ka makolo awo ka moto woyambirira, ndipo kuyambira 2006 akhala akulipidwa chifukwa chochepetsa utsi wa moto wochedwa.

Chenjezo limodzi: timagulu ta nkhalango yobiriwira chaka chonse, monga ta m'makwawa a ku Viphya ndi ku Nyika, ndiponso minda ya paini, sizipirira moto wa mwezi uliwonse. Izo zimafuna kulambulidwa m'mbali.

Nanga amayatsa moto wa mu Okutobalawo ndani?

Palibe amene amavomera. Mukafunsa pamsonkhano amati ndi ana osaka mbewa, anawo amati ndi abusa ofuna msipu watsopano, abusa amaloza ofula uchi ndi alenje. Wina amangososa munda wake mphepo n'kumulanda moto. Ulipo wina wa mkwiyo, woyatsidwa ndi munthu amene anakanizidwa malo kapena sanalipidwe ganyu. Midzi imene yachepetsa vutoli ndi imene mfumu ndi anthu ake anagwirizana tsiku lotenthera limodzi udzu wofolera ukamwetedwa, kuti pofika Okutobala moto usowe chodya.

Ng'ombe zimathandiza kapena zimawononga?

Zonse ziwiri, kutengera kuchuluka kwake ndi nthawi imene zakhala pamalo amodzi. Zikadya mwa mlingo zimachepetsa udzu, moto n'kuchepa mphamvu, ndowe n'kubwezera chonde. Zikachuluka, makamaka panjira yopita kumadzi ndi m'madambo a ku Mzimba m'chilimwe, ziboda zimatsendera dothi, udzu wa mizu yakuya umatha, ndipo kanjira kamene kanayamba ngati mzere kamasanduka chigwembe chomeza ngolo.

Ku Serengeti, ku Tanzania, kunachitika zophunzitsa. Matenda a rinderpest, amene ankaphanso nyumbu, atathetsedwa m'ng'ombe, nyumbu zinachuluka kuchoka pa 300,000 kapena kuchepera apo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960 n'kudutsa miliyoni imodzi m'zaka za m'ma 1970. Zinadya udzu wambiri, moto unachepa, mitengo yaing'ono n'kupeza mpata wokula. Palibe anabzala mtengo. Chinasintha ndi pakamwa pa nyama basi.

Akuluakulu amati bulugamu ndi paini zimaumitsa mitsinje. Ndi zoona kapena ndi nkhambakamwa?

Akuluakuluwo sakunama. Mtengo wokula msanga umamwa kwambiri, ndipo bulugamu ndi paini zimakhala ndi masamba chaka chonse, pomwe udzu wachilengedwe umauma n'kusiya kumwa miyezi ingapo ndipo miombo imayoyola masamba kwa kanthawi. Ku Jonkershoek, ku South Africa, anayamba kuyeza mitsinje m'zaka za m'ma 1930, ndipo anaona kuti zitunda zikabzalidwa paini madzi a m'mitsinje amachepa ndithu. Zotsatira zofanana zinapezeka m'madera ena a dzikolo pa bulugamu. Mu 1995 boma la kumeneko linayambitsa ntchito ya Working for Water, yolemba anthu kuti azidula mitengo yachilendo yofalikira m'mbali mwa mitsinje pofuna kupulumutsa madzi.

Kwathu chitsanzo chili pakhomo. Chikangawa, munda wa paini wa mahekitala pafupifupi 53,000, anabzalidwa kuti adzadyetse fakitale ya zopangira mapepala imene inayenera kumangidwa ku Chintheche koma sinamangidwe. Mbali yaikulu ya malowo kale inali zitunda za udzu. Paini anaika kaboni wambiri pamwamba pa nthaka, ndipo matabwa ake amanga nyumba zosawerengeka, zimenezo sitikana. Koma kaboni wa pamwamba ali pangozi: moto umodzi wa mu Okutobala umatha kuchotsa zaka 20 m'masana amodzi, ndipo aliyense woyenda pamsewu wa ku Mzimba waziona zitunda za zitsa zakuda. Kaboni wa udzu wachilengedwe amakhala m'mizu ndi m'dothi, kumene moto sufika.

Ndiye bulugamu bzalani, ndi wothandiza pa milimo, mapolo ndi nkhuni, ndipo aliyense wodula wake wapulumutsa mombo. Koma mubzale kumtunda, kutali ndi kasupe, chitsime ndi dambo. M'mbali mwa madzi siyani katope ndi mitengo ina ya komweko.

Tsono mitengo imachulukitsa madzi kapena imachepetsa? Mwatisokoneza.

Imachita zonse ziwiri. Imamwa, komanso imatsegula nthaka kuti madzi alowe: mizu yakufa imasiya timipata, masamba amafunditsa dothi, chiswe chimakumba njira zake pansi pa mthunzi. Ku Burkina Faso ofufuza anapeza kuti madzi amatsikira pansi kwambiri pamene mitengo ili yapatalipatali, kuposa pamene palibiretu mtengo ndiponso kuposa pamene yathithikana. Mitengo yapatalipatali, udzu pakati: limeneli ndi tchire lathu lija mmene linalili tisanaliyambe.

Bwanji mumalimbikira za madambo? Si malo ongolimapo masamba?

Dambo ndi pamene madzi onse olowa pansi m'zitunda amatulukira pang'onopang'ono. Dothi lake ndi lakuda chifukwa pamadzi zinthu siziwola msanga, motero kaboni amaunjikana kwa zaka mazanamazana. Mukakumba ngalande pakati kuti paume, mpweya umalowa m'dothi lakudalo, kaboni n'kuyamba kutuluka mosaoneka, popanda utsi. Ngalandeyo imazama chaka ndi chaka, madzi amene ankayala ponseponse n'kumadutsa tsiku limodzi, zitsime za m'mbali n'kuyamba kuphwa mu Sepitembala.

Dimba si tchimo. Mpiru, tomato ndi chimanga chachiwisi za mumsika wa Mzuzu zambiri zimachokera m'madimba, ndipo mabanja amalipirira ana sukulu ndi zomwezo. Koma pakati pa dambo, pamene pamayenda madzi, pasiyidwe udzu ndi bango. Mayi wina wa ku Lusangazi anatiuza kuti apongozi ake ankaletsa kulima pamene phazi likumira, iye ankayesa zamiyambo chabe, mpaka chaka chimene anansi analima mpaka pakati ndipo mtsinje unatenga mabedi a onse.

Ife a m'tauni zikutikhudza bwanji?

Mzuzu anayamba ngati esiteti ya mitengo ya mafuta yotchedwa tung m'zaka za m'ma 1940, anakhala mzinda mu 1985, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000. Anthu onsewa amanga pa zitunda ndi madambo amene kale ankamwa mvula. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la malata la mamita 10 m'litali ndi 8 m'lifupi, pa mvula ya mamilimita 50, limakhuthula malita 4,000, ndiye kuti zigubu 200 za malita 20, zonse pabwalo losesedwa mpaka kuwala. Chulukitsani ndi nyumba za ku Masasa, Chiputula, Mchengautuwa ndi Zolozolo, muone kumene madziwo akuthamangira. Amene analipo mu Epulo 2016 akukumbukira nyumba zimene zinagwa m'malo otsetsereka ndi m'madambo a mumzinda muno mvula itagwa masiku otsatizana.

Onjezani maenje a njerwa ndi nkhuni zootchera mauvuni ake, zomwe zimakhala zipika zikuluzikulu za mitengo yachilengedwe.

Madzi a m'mipopi yathu amachokera kudamu la Lunyangwa, ndipo damulo limadalira nkhalango ya Kaning'ina. Mitengo ikachepa kumeneko madzi amabwera ambiri nthawi imodzi, ofiira, ndipo matope amakhazikika pansi pa damu n'kulanda malo a madzi. Kuyeretsa madzi amatope kumadya mankhwala ambiri. Ulendo wake sutheranso pompa: Lunyangwa amathira mu Kasitu, Kasitu mu South Rukuru, iyeyo m'nyanja, ndipo nyanja ndiyo imadyetsa Shire amene amazungulitsa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Kodi mitengo imaitana mvula?

Osati mmene timayimbira kusukulu. Mvula ya Mzuzu imabwera ndi mphepo zochokera kutali, kunyanja ya mchere ya India ndi ku Congo, ndipo chinyezi cha Nyanja ya Malawi chikakwera zitunda za Nkhata Bay chimazizira n'kugwa. Kubzala maekala awiri sikungasinthe zimenezo. Koma nthunzi yotuluka m'masamba a tchire lalikulu, la mayiko angapo, imabwereradi ngati mvula kwina kutsogolo kwa mphepo. Chimene mitengo ya pamudzi panu imasintha n'chakuti mvula yagwayo ikhala kapena ichoka.

Tamva kuti kuli ndalama za kaboni. Zimenezi n'zoona?

Zilipo. Kampani ya kunja imene imatulutsa utsi imagula ziphaso, chiphaso chimodzi kuimira tani imodzi ya carbon dioxide imene yasungidwa kapena yaletsedwa kutuluka. Kuno ntchito ya Kulera, yokhudza midzi yozungulira Nyika, Vwaza ndi Nkhotakota, ndi ya mtundu umenewu. Dziko la Malawi linalonjezanso kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030.

Musanasaine chilichonse funsani mafunso anayi: mgwirizano ndi wa zaka zingati, malo akhalabe a yani, ndalama zidzadutsa m'manja mwa yani zisanafike kumudzi, ndipo moto ukapsereza mitengoyo adzalipira ndani. Kumbukiraninso kuti miombo imakula pang'onopang'ono, ndiye pa ekala imodzi ndalama yake ndi yochepa. Wobwera ndi malonjezo a mamiliyoni pa kamunda kanu, muyang'aneni kawiri. Ndipo wofuna kubzala mitengo pa dambo kapena pa chitunda cha udzu wachilengedwe kuti agulitse kaboni akugulitsa madzi anu.

Ndili ndi maekala awiri a chitunda chimene chinadulidwa makala zaka zitatu zapitazo. Ndibzale chiyani?

Musanagule mbande, kayendereni malowo mu Novembala muwerenge zitsa zimene zikuphukira. Mudzadabwa. Ngati zilipo zambiri, nkhalango yanu ilipo kale, ikungofuna mwini.

Pa chitsa chilichonse sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zinazo dulani ndi chikwanje chakuthwa, modula mopendeka kuti madzi asakhale pabala. Zodulazo ndi nkhuni zanu za chaka chimenecho. Njira imeneyi ndi imene inabwezeretsa mitengo m'minda ya mahekitala pafupifupi 5 miliyoni ku Niger kuyambira m'zaka za m'ma 1980, dziko louma kutalitali kuposa lathu. Lambulani mzere wotchinga moto kuzungulira malowo mvula ikangosiya. Zaka zoyambirira, mphukira zisanapitirire msinkhu wa munthu, mwetani udzu m'malo motentha. Wofolera mugulitsa, wotsala ugone pansi. Zikakula mutha kuyamba kutentha mu Juni kapena Julayi, madzulo, muli ndi anansi ndi nthambi zaziwisi m'manja.

Mbande zisungireni pamene palibiretu chitsa, monga pamalo pamene panali uvuni ndi m'mbali mwa chigwembe, ndipo mubzale m'nyengo yake, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Kuno mvula imachedwa kusiya, ndiye ya mu Januwale imakhala ndi miyezi yokwanira yogwirira. Ming'oma iwiri ya njuchi ikhoza kupachikidwa chaka chachitatu kapena chachinayi. Koma choyamba, musanagwire chikwanje n'komwe, pitani mukakambirane ndi mwini mbuzi wa pafupi nanu, ndipo a nyakwawa akhalepo.